Belu Limodzi Siliimba Nyimbo

Akonzi a magazini yathu ino anandipempha kuti ndilembepo za ulendo wanga wa ku England, kumene ndinakakhala masabata asanu pa tchuthi chachikulu chapitachi. Ndiganiza kuti iwo analikuyembekeza kumva za ndege, za sitima zoyenda pansi pa nthaka, kapena za mabwalo a mpira. Andikhululukire, pakuti ine ndifuna kulemba za mabelu. Ndidziwa kuti anzanga a m'nyumba yathu yogona ayamba kale kuseka, popeza chibwerereni andipatsa dzina lakuti "Chibelu," ndipo belu la ku phala likalira m'mawa onse amacheukira kwa ine. Dzinali sindikwiya nalo iai. Koma tsiku lina mnzanga wina wa Form 4 anandifunsa funso limene silinali la nthabwala. Anati, "Kodi iwe, azakhali ako anataya ndalama zonse zija kuti ukaone nkhalamba zirikugwedeza mabelu? Akadatumiza ndalamazo kumudzi, si bwenzi atagula feteleza wa banja lonse?" Funso lotere liyenera kuyankhidwa, ndipo ndifuna kuliyankha pano pamaso pa sukulu yonse.

Ndiyambe ndi kufotokoza m'mene ndinafikira kumeneko, kuti pasakhale wina woganiza kuti ndine mwana wa munthu wolemera. Azakhali anga, alongo ao a bambo, agwira nchito ya unamwino zaka zambiri mu mzinda wina wa kumpoto kwa England. Iwo ndiwo amandilipirira fizi pa sukulu pano, ndipo anandilonjeza kuti ndikakhoza bwino mayeso a Form 2 adzandiitana kuti ndikaone kumene akhala. Anasunga ndalama pang'ono pang'ono kufikira lonjezo lao linakwanira. Nditafika ndinapeza kuti Lachiwiri liri lonse madzulo, ngakhale atatopa chotani ku chipatala, amavala chikhoti chao napita ku holo ya tchalitchi kukaimba mabelu pamodzi ndi anzao. Sabata yoyamba ndinawaperekeza chifukwa ndinaopa kutsala ndekha m'nyumba. Sindibisa, ndinapita ndi mtima wonyoza wonga wa mnzanga uja.

Belu la m'manja siliri ngati belu lathu la pa sukulu, kapena chitsulo cha gudumu la galimoto chimene amachipachika pa mtengo ku sukulu za kumudzi. Nchito ya mabelu athuwa ndi kuchita phokoso kuti anthu amve, basi. Belu la m'manja amaliumba ndi mkuwa wosanganiza ndi chitsulo china chofewa chotchedwa tini, pafupifupi magawo 4 a mkuwa pa gawo limodzi la tini, ndipo amalipala mosamala kufikira litulutsa liu limodzi lenileni, monga do, kapena re, kapena mi. Liri ndi chogwirira chachikopa kapena cha pulasitiki. Lilime lake la m'kati siliyenda mbali zonse iai. Liyenda kutsogolo ndi kumbuyo kokha, ndipo pali kanthu kamene kamaligwira kuti lisagunde lokha. Chifukwa chake munthu akhoza kuyenda nalo belulo m'manja osalira, kufikira iye mwini alikankha kutsogolo, kamwa yake itayang'ana kumwamba. Akafuna kuti lileke kulira aligunditsa pa phewa pake. Oimba ambiri avala magolovesi, popeza thukuta la m'manja lidetsa mkuwa, ndipo pa matebulo ao ayalapo siponji yokhuthala kuti mabelu asakandike.

Mabelu amenewa ayenda m'gulu. Gulu laling'ono likhala ndi mabelu 25, lapakati 37, lalikulu 61, ndipo alipo ena oposa apa. Timabelu ta mau apamwamba tikwana m'chikhatho, koma a mau apansi alemera ngati mwana wakhanda. Gulu la azakhali liri ndi mabelu 37 ndi anthu 11. Tsono werengani nokha. Munthu ali yense apatsidwa mau awiri, lina ku dzanja lamanja, lina ku dzanja lamanzere, pamodzi ndi belu limodzi kapena awiri a mau a pakati aja amene pa piyano ali pa makiyi akuda. Woimba piyano ali ndi nyimbo yonse pansi pa zala zake. Woimba gitala akhoza kukhala yekha pa khonde naimba mpaka dzuwa kulowa. Koma wa mabelu alibe nyimbo. Ali ndi zidutswa ziwiri za nyimbo, ndipo zina zonse ziri m'manja mwa anzake. Mfundo yanga yonse yagona pamenepa, ndipo ndipempha owerenga kuti aisunge.

Chiyambi cha mabelu amenewa chiri ku England komweko. Matchalitchi ambiri a dziko lija ali ndi nsanja, ndipo m'nsanjamo mupachikidwa mabelu akulu akulu, 6 kapena 8, ena kuposa apo. Belu liri lonse liri ndi chingwe chake ndi munthu wake. Anthuwo saimba nyimbo monga tiidziwa ife, koma aliza mabeluwo motsatizana, nasinthasintha mndandanda wake potsata malamulo onga a masamu. Luso limeneli lifuna kuyeserera kwambiri, koma m'nsanja muzizira nthawi ya chisanu, ndiponso eni mudzi sakondwa kumva mabelu akulu usiku ndi usiku. Abale awiri, Robert ndi William Cor, a m'mudzi wa Aldbourne m'chigawo cha Wiltshire, ndiwo akumbukiridwa kuti anakonza mabelu a m'manja okhala ndi mau olongosoka, pakati pa 1696 ndi 1724. Ndi mabelu otere oliza mabelu a m'nsanja anakhoza kuyeserera ali khale m'nyumba yofunda. Patapita nthawi anthu anaona kuti mabelu ang'onowa akhoza kuimba nyimbo zenizeni, ndipo chimene chinali choyeserera chabe chinasanduka luso pa lokha.

Kuchokera ku England lusoli linaoloka nyanja. Mu 1902 mtsikana wina wa ku Boston, amene pambuyo pake anadziwika kuti Margaret Shurcliff, anabwerera ku America ndi mabelu 8 amene anapatsidwa ndi Arthur Hughes wa ku Whitechapel Bell Foundry ku London. Imeneyi ndiyo nyumba youmba mabelu imene inaumba Big Ben mu 1858, ndipo inatsekedwa mu 2017. Bungwe la oimba mabelu la ku America linayamba mu 1954, la ku Britain mu 1967, ndipo lero mabungwe otere alipo ku Japan, ku Korea, ku Canada, ku Australia ndi ku Hong Kong. Mu 1984 anayamba msonkhano waukulu wa maiko, International Handbell Symposium, ku Arcata m'chigawo cha California. Msonkhanowu uchitika zaka ziwiri ziri zonse, ndipo maiko alandirana ulendo. Unachitikira ku Liverpool mu 2012, ku Jeju mu 2014, ku Vancouver mu 2016 ndi ku Cairns mu 2018. Wa 2020, umene unayenera kukhala ku Hong Kong, unasokonezeka ndi mliri wa Covid-19, koma anakomananso ku Nashville mu 2022 ndi ku Hamamatsu mu 2024. Kumeneko anthu mazana mazana aimba nyimbo imodzi pa nthawi imodzi, atayang'ana dzanja la munthu mmodzi.

Msonkhano umene ndinapitako ine sunali waukulu uja iai. Unali wa masiku atatu, m'holo ya koleji ina, koma kunasonkhana magulu a ku England ndi ku Scotland, pamodzi ndi alendo ochokera ku America, ku Canada ndi ku Japan. Ine ndinayenera kukhala woonerera chabe. Koma kutatsala masabata atatu, mai wina wa m'gulu la azakhali anaitanidwa kukadwazika mwana wao kutali, ndipo mabelu ao anatsala opanda mwini. Mtsogoleri wa gulu, agogo ena a imvi mutu wonse, anafunsa azakhali ngati mlendo wao adziwa nyimbo. Azakhali anati, "Mwana uyu amaimba kwaya ku sukulu kwao." Ndinawanong'oneza kuti, "Azakhali, ine ndidziwa do re mi yekha, manotsi a pa mizere sindiwadziwa." Iwo anangoti, "Iwe udziwa kuwerenga mpaka 4? Ukatero wadziwa." Agogo aja anatenga mapensulo awiri nazunguliza manotsi anga pa pepala, ofiira a dzanja lamanja, obiriwira a dzanja lamanzere. Ndimo m'mene ndinalowera m'gulu.

Tsiku loyamba la msonkhano silinandivute kwambiri. Magulu onse anaimira pa matebulo ao m'mizere yodzaza holo, ndipo tonse tinaimba nyimbo zimodzimodzi, wotsogolera ataima pa malo okwera kuti onse amuone. Popeza gulu liri lonse linali ndi munthu wogwira mau onga anga, ndikaphonya ena ananditsekera mpata, ndipo palibe anadziwa. Ndinagona usiku umenewo ndirikudziyesa katswiri. Tsiku lachiwiri zinthu zinasintha. Anaphwasula magulu onse natisakaniza, kotero kuti pa tebulo langa panalibe munthu ndi mmodzi yemwe wondidziwa. Ku dzanja lamanzere kunali bambo wina wachikulire wa ku Canada, ku dzanja lamanja mtsikana wa ku Japan wa msinkhu wanga. Anatipatsa nyimbo yatsopano imene tonse sitinaionepo, ndipo m'chipinda chonsecho wogwira mau anga awiri aja ndinali ine ndekha.

Apa ndipo ndinachita manyazi amene sindidzawaiwala. Nyimbo itayamba, ndinatengeka ndi kupenya manja a anzanga, ndipo ndinaleka kuwerenga. Itafika nthawi yanga panangoti zii. Nyimbo inakhala ngati munthu waguluka dzino la kutsogolo, ndipo onse anadziwa mwini mpatawo, popeza belu linali m'dzanja langa. Wotsogolera anaimitsa nyimbo, natchula nambala ya poyambiranso, osakalipa. Ulendo wachiwiri mantha anandigwira kuti ndingachedwenso, tsono ndinafulumira. Ndinaliza belu langa pa malo pamene onse anayenera kukhala chete, ndipo linalira lokha lokha, ngwee, m'chipinda monse. Thukuta linandituluka ngakhale kunja kunali kozizira. Ndinafuna kuika mabeluwo pa tebulo ndi kutuluka, koma ndinadziwa kuti ndikatuluka anthu khumi atsala ndi nyimbo yobooka ola lonse.

Mtsikana wa ku Japan uja sanadziwe Chingerezi chambiri, ndipo changa cha pa sukulu pano sanachimve bwino. Sananene kanthu. Anangosendera pafupi, naloza chala pa pepala langa, nayamba kugwedeza mutu pang'ono powerenga kuti ndimuone ndi ngodya ya diso. Itatsala pang'ono nthawi yanga anakoka mpweya momveka, ndipo ine ndinakankha belu. Linagwa pa malo pake. Kwa nthawi yoyamba ndinamva nyimbo irikuchokera ku mabelu akulu a kumanzere, nidzera m'manja mwa bambo wa ku Canada, nifika mwanga, nipitirira kwa mtsikanayo, monga njerwa zimene timapatsirana pa mzere pomanga. Titamaliza, iye anawerama pang'ono monga mwa mwambo wa kwao, ine ndinaomba m'manja mwakachetechete monga mwa mwambo wa kwathu, ndipo tonse tinaseka. Dzina lake ndinalimva kamodzi ndipo linandivuta kutchula.

Tsono ndinene zimene ndinatola, ndipo ziripo zitatu. Choyamba ndi kudikira uli maso. M'nyimbo imeneija ndinaliza mabelu anga kasanu ndi kanai kokha, ndipo nthawi yonse yotsalayo ndinali chiriri. Koma kuima kumeneko sikunali kupuma iai, inali nchito, pakuti amene aleka kuwerenga pamene anzake alikuimba sadziwa pobwerera. Ambiri a ife tiyesa kuti tigwira nchito pokhapokha pamene anthu alikutimva. Pa mpira, wa kumbuyo amayamba kucheza ndi oonerera mpira ukakhala kutsogolo. M'kalasi, munthu atayankha funso lake amagona. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, koma kudekha kumene ananena si kuodzera.

Chachiwiri ndi kudziwa poleka. Belu la mkuwa likalira silifulumira kukhala chete, ndipo ngati mwini wake saligunditsa pa phewa pa nthawi yake, liu lake lilowerera m'liu la mnzake, nyimbo nisanduka phokoso. Agogo aja anandidzudzula kawirikawiri pa chimenechi koposa pa kuphonya. Anali kunena kuti kuletsa belu ndi theka la nchito. Ndiganiza kuti a bungwe lathu la mtsutso andimva bwino apa, pakuti tiri nao anzathu ena amene akayamba kulankhula salekeza mpaka wapampando aimirira. Mau ao akhoza kukhala abwino, koma aphimba a anzao.

Chachitatu, chimene chiposa zonse, ndi kupezeka. M'kwaya ya pakamwa munthu mmodzi akajomba, anzake a liu lomwelo akweza pang'ono ndipo nyimbo iyenda. Pa mabelu sizitheka. Amene wajomba wapita ndi mau ake, ndipo anzake ayeserera nyimbo ya mabowo. Apa ndipo ndinamvetsa chifukwa chake azakhali amavala chikhoti chija ngakhale atagwira nchito usiku wonse. Tsiku lina mvula irikugwa ndinati, "Azakhali, lero bwanji mupume?" Anandiyankha kuti, "Mwanawe, ndikapuma ine, fa ndi so apumanso, nanga anzanga aimba chiani?" Palibe amawalipira, palibe amalemba maina a ojomba, palibe chilango. Apita chifukwa adziwa kuti pali anthu khumi amene alikuwadikira.

Wina adzati, "Zonsezi ukadaziphunzira konkuno. Chinafunikira nchiani kuoloka nyanja?" Ndivomereza kuti ndikadakhoza kuziphunzira kuno, koma zoona zake nzakuti sindinaziphunzire, ngakhale ndaimba kwaya zaka zitatu. Pakati pa anzako ozolowerana nao uli ndi pobisala pambiri. Ukalakwa useka, kapena unamizira mnzako, kapena unena kuti unadwala mutu. Pakati pa alendo amene sadziwa dzina lako, kapena mtundu wako, kapena malikisi ako a mayeso, zobisalira zonsezi zichoka. Iwo angokupatsa mau ako awiri nakhulupirira kuti udzawaika pa malo pake. Ndinaona kuti phindu lalikulu la msonkhano wa maiko liri pomwepa. Anthu amene sangathe kucheza ngakhale za nyengo akhoza kugwira nchito imodzi yovuta mosasemphana, chifukwa manotsi a pa mizere ndi amodzimodzi ku Japan, ku Canada ndi ku England, ndiponso chifukwa ali yense wavomera kusamala kagawo kake. Chimenechi sindikadachikhulupirira pongochiwerenga m'buku.

Koma funso la mnzanga linali la ndalama, ndipo sindifuna kulizemba. Nzoona kuti mtengo wa ulendo wanga ukadathandiza kumudzi. Nzoonanso kuti mabelu amenewa ndi okwera mtengo kwambiri, ndi kuti misonkhano yotere afikako kwambiri anthu a maiko olemera. Pa mizinda imene ndatchula ija palibe ndi umodzi womwe wa mu Africa. Ine sindipempha a Mphunzitsi Wamkulu kuti atigulire mabelu, pamene mabuku ena a m'laibulale tiwerenga anthu asanu buku limodzi. Munthu wopempha chotero ayenera kusekedwa ndithu. Koma ndinena ziwiri. Ndalama zija zinali thukuta la azakhali, amene athandiza kumudzi chaka ndi chaka, ndipo anafuna kuti mwana wa mlongo wao aone chinthu chimene iwo achikonda. Kachiwiri, ndikadabwera ndi chithunzi nditaima pa bwalo la mpira ku Manchester, mnzanga uja sakadafunsa za feteleza. Akadapempha kuti achione kawiri. Ndiye kuti chimene chamuwawa si ndalama, koma kuti ayesa mabelu chinthu chachabe. Ulendo ukhala kutaya ndalama ngati woyendayo abwera ndi malaya atsopano okha. Akabwera ndi nzeru nagawira anzake, ndalamazo zagwira nchito, ndipo kalata inoyi ndiyo chiyambi cha kubweza ngongole yanga.

Pali chinthu china chimene chinandichititsa manyazi koposa belu lolira pa yekha lija. Pa chakudya cha tsiku lomaliza, bambo wa ku Canada anandifunsa ngati kwathu kuli nyimbo zoimba mogawana chotere. Ndinayankha kuti kulibe, kwathu kuli ng'oma ndi kwaya basi. Nditabwera ndinafotokozera aphunzitsi athu a nyimbo, ndipo anagwira pakamwa. Anandiuza za gule wa nyanga wa Anyungwe a kufupi ndi Tete ku Mozambique, amene afikanso kum'mwera kwa dziko lathu lino. Amuna azungulira bwalo atavala maseche ku miyendo, ali yense atagwira zitoliro zake ziwiri, zitatu kapena zinai zomanga pamodzi. Palibe mmodzi ali ndi nyimbo yonse. Yense aomba mau ake pa nthawi yake, nalowetsa ndi mau a pakamwa, uku alikuvina. Anandikumbutsanso za mangolongondo, mitengo yosema yoyala pa mathunthu awiri a nthochi, pamene anthu awiri akhala mopenyana, wina nalowetsa mau ake m'mipata imene mnzake wasiya. Ngakhale ng'oma za gule wamkulu ziri chomwecho, iri yonse ndi mayankhulidwe ake. Tsono onani, nzeru imene ndinakaizizwa nayo kutali makolo athu anali nayo kale, ndipo iwo aichita alikuvina, popanda pepala kapena pensulo yofiira. Ndinanamiza mlendo chifukwa cha umbuli wanga. Ndikadapanda kufunsidwa ndi munthu wa kutali, kapena mpaka lero sindikadafunsa za kwathu.

Tsono nditembenukire kwa ife eni. Kwaya yathu inayamba chaka chatha ndi anthu oposa 40, koma poyeserera Lachinai masiku ano tikafika 15 ndiye kuti tachuluka. Enawo amaonekera kukamveka mbiri ya ulendo wa pa lole kapena mpikisano. Otsalafe timakangana za amene atsogolere nyimbo, ndipo amene sanasankhidwe amakwiya naleka kubwera, ngati kuti liu limene silimveka pa lokha liribe nchito. Ine ndemwe ndinajomba kangapo teremu yachiwiri chifukwa cha mkwiyo wotere, ndipo ndipepesa kwa akwayamasita athu pamaso pa onse. Chizolowezi chimenechi sichiri m'kwaya mokha. Chiri ku munda wa sukulu, ku nchito ya Loweruka m'mawa, ndi m'timagulu tathu towerengera mayeso, m'mene mmodzi alonjeza kukonza mutu wake nabwera chimanjamanja, nadalira kuti anzake amtsekera mpata. Timanena kawirikawiri m'zimangirizo zathu kuti mutu umodzi susenza denga, koma ponyamula dengalo ambiri timawerama pang'ono kuti lilemere kwa anzathu.

Pempho langa ndi laling'ono ndipo silifuna ndalama. Botolo lagalasi ukalimenya ndi supuni litulutsa liu, ndipo ukathiramo madzi ambiri liu litsika, ukachepetsa madzi likwera. Ndayesa kale ndi mabotolo 8 pamodzi ndi anyamata atatu a Form 1, ali yense mabotolo awiri, ndipo aphunzitsi a nyimbo anatithandiza kulinganiza mau kuyambira do wapansi kufika do wapamwamba. Tsiku loyamba zinali zoseketsa, koma tsiku lachitatu nyimbo inamveka ndithu, ndipo mnyamata wina amene sanalankhulepo m'kalasi chifikireni ndiye sanaphonye ndi kamodzi komwe. Aphunzitsi athu akalola, tidzakomana Loweruka liri lonse madzulo m'chipinda cha Form 2. Tifuna anthu 8 ndi mabotolo 16, ndipo amene adziwa kudula nsungwi kuti tiyese zitoliro zonga za nyanga abwere ndi mpeni wake. Lamulo lathu ndi limodzi lokha: ukalandira mau ako awiri, usajombe. Amene afuna kutchuka asavutike kubwera, pakuti kumeneko palibe adzamveka yekha, kupatula pamene walakwa.

Kwa mnzanga wofunsa uja ndinena kuti, inde, ndinakaona nkhalamba zirikugwedeza mabelu, ndipo zina zinali za zaka zoposa agogo anga. Koma nkhalamba zimenezo zinafika pa nthawi yake masiku onse atatu, zinadikira nthawi yao mosanyinyirika, ndipo zinapatsa mwana wachilendo mabelu a mtengo wapatali osamfunsa kuti bambo wake ndani. Ndamsungira mabotolo awiri, a mi ndi fa, ndipo ndidzamdikira Loweruka likudzali. Dzina lakuti Chibelu mupitirize kundiitana nalo, ndidzavomera.

Wophunzira wa Form 4